Dzina la Feira ndi Mau a Cingelezi Ofanana Nalo

Mwana wa sukulu wa m'boma la Luangwa akafika pa msinkhu wowerenga mabuku a Cingelezi, sacedwa kukomana ndi mau ena ofanana nkhope, monga "fair", "fare", "ferry", "fairy" ndi "affair". Poona kuti zilembo zao ziri pafupi kulingana, mwanayo aganiza kuti mauwo ndi a banja limodzi, ndipo ayesa kuwamasulira onse ndi tanthauzo limene analimva poyamba. Lero mphunzitsi amlembera "Fair" pansi pa nchito yake m'kope. Mawa awerenga za "trade fair" ya ku Ndola. Mkuja amva akulu alikudandaula kuti woweruza mpira sanali "fair". Mwana wocenjera afunsa kuti liu limodzi lingasenze bwanji akatundu atatu otere. Funso limeneli liyenera kuyankhidwa moona, pakuti yankho longopeka likhala m'mutu mwa mwana zaka zambiri, ndipo lidzamkhumudwitsa pa tsiku la mayeso, pamene mphunzitsi wake sali pafupi kuti amthandize.

Mphunzitsi wa ku Luangwa ali ndi mwai umene anzake a m'madera ena alibe, cifukwa ciyambi ca yankho ciri m'dzina lakale la boma lake lomwe, ndilo Feira. Mbiri ya dzina limeneli isonyeza kuti mau ofanana kalembedwe si onse ali pa cibale, ndi kuti mau ena osafanana konse ndiwo abale enieni.

Msika wa pa mathiriro a Luangwa

Liu lakuti "feira" ndi la Cipwitikizi, ndipo litanthauza msika waukulu wosonkhanira amalonda ocokera kutali. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete anali kulowa m'dziko la Mwene Mutapa, kumwera kwa Zambezi, kukafuna golide. Malonda ao anali kucitikira pa malo odziwika, monga Masapa, Luanze ndi Dambarare, ndipo malo otere ndiwo anali kuchedwa feira. Caka ca 1693 ankhondo a Changamire Dombo, mfumu ya Arozwi, anathira nkhondo Dambarare, kumpoto kwa mzinda wa Harare wa lero, napha amalonda amene anali kumeneko. Misika ina ya kumtundako inafooka pambuyo pake, kotero kuti amalonda otsala anayamba kufuna khomo lina.

Khomolo analipeza pamene Luangwa athira m'Zambezi. Ca m'ma 1720 msika wa Zumbo unakhazikitsidwa pamenepo, ndipo mbiri ichula Francisco Pereira, munthu wa ku Goa m'dziko la India, kuti ndiye anauyamba. Malowa anali oyenera ndithu, pakuti mitsinje iwiri ikuluikulu inali ngati miseu. Nsalu za ku India ndi mikanda zinali kukwera kucokera ku Tete. Golide anali kucokera kumwera, minyanga ya njobvu ndi mkuwa kumpoto ndi kumadzulo. Ansembe a cipani ca Dominiko Woyera anakhalanso kumeneko namanga chalichi. Patapita nthawi amalonda ena anamanga nyumba zao kutsidya la kumadzulo kwa Luangwa, ndipo malowo sanafune dzina lina iai. Anangochedwa Feira, ndiko kunena kuti pa Msika.

Msikawo sunakhalitse mu mtendere. Cilala ndi nkhondo zinaubvuta, ndipo m'zaka za m'ma 1830 Apwitikizi anausiya. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana. Pamene David Livingstone anafika pa mathirirowo mu Januwale 1856, m'dziko la mfumu Mburuma, anapeza mabwinja okhaokha a nyumba za miyala, ndi belu losweka la chalichi liri gone pansi. Apwitikizi anabwereranso ku Zumbo mu 1862, koma mphamvu yeniyeni m'zaka zotsatira inali m'manja mwa eni mfuti, monga José do Rosário Andrade wochedwa Kanyemba ndi José de Araújo Lobo wochedwa Matakenya, amene magulu ao a Acikunda anali kusaka njobvu ndi kugwira anthu ukapolo. Mu 1887 John Harrison Clark, amene anthu anamucha Changa Changa, anadzakhala pa Feira. Pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal linasandutsa cigawo ca kunsi ca Luangwa kukhala malire, Zumbo nakhala mbali ya Apwitikizi, Feira mbali ya Angelezi. Ufumu wa ku Portugal utagwa mu 1910, boma latsopano linathamangitsa Ajezuiti, ndipo amene anali pa mishoni ya Miruru anaoloka Luangwa nakayamba nchito ku Katondwe ndi ku Kapoche. Motero Cingelezi ca boma ndi ca m'sukulu cinafika pa malo a dzina la Cipwitikizi. Zambia atalandira ufulu, boma linapatsidwa dzina la mtsinje, koma dera la phungu wa nyumba ya malamulo lidziwikabe ndi dzina lakale lija.

Kumene liu linacokera

Apwitikizi sanalipeke okha liu limeneli. Analilandira kwa Aroma akale, amene m'Cilatini anali kunena "feriae" pochula masiku opatulika, masiku amene anthu anali kuleka nchito ndi milandu kuti apembedze. Eklezia atafalikira m'maiko a Aroma, anatenga liulo naligwiritsa nchito powerenga masiku a sabata, kuyambira pa tsiku la Ambuye. M'zaka za m'ma 500 bishopu Martinho wa ku Braga, mzinda wa kumpoto kwa Portugal, anadzudzula mwambo wochula masiku ndi maina a milungu yacikunja, monga Mars, Mercury ndi Venus. Mwa zinenero zikuluzikulu zobadwa ku Cilatini, Cipwitikizi ndico cinatsata njira ya Eklezia. Ncifukwa cake munthu akaoloka kupita ku Zumbo lero amva anthu alikunena "segunda-feira", "terça-feira", "quarta-feira", "quinta-feira" ndi "sexta-feira".

Apa pali msampha umene mphunzitsi wa m'malire ayenera kuudziwa. Cinyanja naconso ciwerenga masiku, koma ciyambira pa tsiku loyamba nchito, ndipo cinena Lolemba, Laciwiri, Lacitatu, Lacinai, Lacisanu. Cipwitikizi ciyambira pa Lamulungu. Tsono "segunda-feira", ndiko kuti tsiku laciwiri, ndi Lolemba, osati Laciwiri. "Sexta-feira", tsiku lacisanu ndi cimodzi, ndi Lacisanu. Munthu womasulira nambala yokha osadziwa poyambira pake adzafika pa pangano tsiku litapita kale.

Nanga tsiku lopatulika linasanduka bwanji msika? Ku Ulaya wakale, pa tsiku la cikondwerero ca woyera mtima wina anthu anali kusonkhana pa chalichi kucokera m'midzi yakutali. Kumene kuli khamu la anthu wamalonda sasowa. Pang'onopang'ono dzina la tsikulo linagwera pa msika wocitika tsikulo. Apwitikizi anati "feira", Afalansa akale anati "feire", ndipo ana ao lero ati "foire". Caka ca 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka zoposa mazana awiri Cifalansa cinali cinenero ca mafumu ndi ca m'mabwalo a milandu m'dzikomo. Mau zikwi zambiri a Cifalansa analowa m'Cingelezi, ndipo limodzi la iwo linali "feire", limene pambuyo pake linalembedwa "fair". Citsanzo cochuka ndi Bartholomew Fair, msika wa mu London wocitika pa nyengo ya tsiku la Bartolomeo Woyera, pa 24 Ogasiti. Unayamba mu 1133 ndipo unatha mu 1855, caka cimodzi Livingstone asanaone mabwinja a pa mathiriro a Luangwa.

Cotero "Feira" ndi "fair" wa msika ndi ana a mai mmodzi. Wina anayenda ulendo wa pa nyanja kudzera ku Goa ndi ku Tete, wina anadzera ku France ndi ku London, ndipo anakomananso m'kalasi la ku Luangwa. Zambia International Trade Fair ya ku Ndola ndi feira monga momwe Zumbo analiri feira. Mau akuti "feast" ndi "festival", onena za phwando ndi cikondwerero, ndi a mtundu womwewo, pakuti muzu wao wa Cilatini uli pa cibale ndi "feriae", ngakhale kalembedwe kao sikaonetsa msanga.

Mlendo wobvala cobvala comweco

Koma "fair" amene mphunzitsi alemba m'kope, ndi "fair" wa woweruza mpira, si mwana wa mai ameneyu. Iyeyu anali m'Cingelezi Afalansa asanafike, ndipo m'mabuku akale kwambiri alembedwa "fæger", kutanthauza cinthu cokongola, cokondweretsa maso. Tanthauzo lake linayenda mtunda wautali. Cokongola cinakhala coyera ndi copanda banga, kotero Angelezi anena "fair weather" za tsiku lopanda mitambo, ndi "fair hair" za tsitsi loyererako. Copanda banga cinakhala copanda cinyengo, ndiko cilungamo, kusakondera. Potsiriza liulo linafooka nkuyamba kunenanso za cinthu cimene ciri bwino pang'ono cabe, cosaipa koma cosafika pa "Good". Limenelo ndilo tanthauzo la m'kope la mwana ndi la pa lipoti la kumapeto kwa temu.

Mau awiriwa, wa msika ndi wa cilungamo, anacokera kosiyana, nafika pa kalembedwe kamodzi mwangozi. Mbiri ya Feira yomwe ingathandize ana kuwasiyanitsa. "Trade fair" ndi msika. "Fair trade" ndi malonda a cilungamo. Pa Zumbo ndi pa Feira panali msika zaka zambiri, koma pamene anthu a m'midzi ya Ansenga anali kugwidwa ndi kusinthanitsidwa ndi nsalu ndi onga, cilungamo panalibe. Mwana amene wamva mbiri imeneyi m'kamwa mwa agogo ake sadzasokonezanso mau awiriwa.

Za ulendo ndi dooko

Liu lacitatu ndi "fare", lomveka m'khutu cimodzimodzi ndi "fair" koma lolembedwa mwina. Licokera ku mneni wa Cingelezi cakale "faran", kutanthauza kupita kapena kuyenda ulendo. Poyamba "fare" unali ulendo weniweniwo, ndipo pambuyo pake linakhala dzina la ndalama yolipirira ulendo. Muzu umenewu ubisala m'mau ena amene ana awadziwa kale. "Farewell" ndi mau otsazika, ofanana ndithu ndi "pitani bwino" wa Cinyanja. "Welfare" ndiko kuyenda bwino kwa moyo wa munthu. "Ferry", combo coolotsa anthu pa mtsinje, ndi mbale wa "fare", ngakhale zilembo zake zionetsa ngati ndi mbale wa "Feira". Pa dooko la Luangwa, pamene mabwato aolotsa anthu kupita ku Zumbo ndi ku Kanyemba, mau atatuwa akomana pa malo amodzi: munthu alipira "fare", nakwera "ferry", pa Feira. Awiri oyambawo ndi abale. Wacitatu ndi mnansi cabe.

Cifukwa cimene "fair" ndi "fare" amvekera mofanana naco ciri ndi mbiri yake. Kale Angelezi anali kuwachula mosiyana, ndipo alembi anali kulemba monga momwe anali kumvera. Mu 1476 William Caxton anaimika makina osindikizira mabuku ku Westminster, ndipo kuyambira nthawi imeneyo kalembedwe kanayamba kuuma pang'onopang'ono. Koma kachulidwe sikanaime. Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700 mavawelo atali a Cingelezi anasuntha kwambiri, ndipo mau ambiri amene anali kusiyana m'kamwa anafika pofanana, monga "pain" ndi "pane", "sail" ndi "sale", "pair" ndi "pare". Pamene Samuel Johnson anaturutsa buku lake lalikuru lomasulira mau mu 1755, kalembedwe kanali katakhazikika kale. Cotero zilembo za Cingelezi zisunga kachulidwe ka anthu amene anamwalira zaka mazana apitawo. Cinyanja sicinatero cifukwa cinayamba kusindikizidwa m'zaka za m'ma 1800, ndipo amene anacilemba anatsata makutu ao. Mwana wozolowera kulemba monga momwe amvera sali wopusa pamene alemba "bus fair". Wangotsata lamulo labwino m'dziko limene lamulolo siligwira nchito.

Mudzi wa mafuko ambiri

Mphunzitsi akalemba pa bolodi mau onse othera ndi zilembo "air", aona ngati wasonkhanitsa banja limodzi, koma kunena zoona wasonkhanitsa mudzi wa mafuko ambiri. "Hair", tsitsi, ndi "stair", makwerero, ndi eni dziko, mau a Cingelezi cakale. "Air", mpweya, unacokera ku Cigriki kudzera m'Cilatini ndi Cifalansa. "Pair", zinthu ziwiri zoyendera limodzi, licokera ku liu la Cilatini lonena za kulingana. Mwana angaganize kuti "repair" ndiko kubwezeretsa "pair", koma iai. Muzu wake ndi mneni wina wa Cilatini, "parare", kukonza, womwenso uli m'liu lakuti "prepare". "Despair", kutaya mtima, licokera ku "sperare", kuyembekeza, ndipo mbale wake amveka kutsidya ku Zumbo pamene munthu auzidwa kuti "espera", dikira. "Affair", nkhani kapena cocitika, ndi mau awiri a Cifalansa olumikizidwa, otanthauza cinthu coti cicitidwe, ndipo alibe gawo ndi msika kapena cilungamo. "Fairy", kamzimu ka m'nthano za ku Ulaya, licokera ku dzina la Cilatini la milungu yaikazi imene Aroma anali kukhulupirira kuti ilamulira tsoka ndi mwai wa munthu.

Pamene ofanana nkhope apezeka kuti si abale, abale enieni abisala m'zobvala zina. "Chair", mpando, licokera ku liu la Cigriki "kathedra", ndipo mbale wake ndi "cathedral", chalichi cimene muli mpando wa bishopu. Cinyanja comwe ciri ndi abale a mau a Cingelezi amene analowa kudzera m'misika ya pa Zambezi. Kalata ndi "carta" wa Cipwitikizi, mbale wa "card", "chart" ndi "charter". Pamene British South Africa Company inalandira "charter" yake kwa Mfumukazi Victoria mu 1889, cimene inalandira ndi kalata yacilolezo. Kapitao ndi "capitão", mbale wa "captain" ndi "capital", onse ocokera ku liu la Cilatini lonena mutu. Vinyo ndi "vinho", mbale wa "wine" ndi "vine". Mau ena, monga nsapato, cipewa ndi mbatata, anafika pa njira yomweyo ya amalonda. Ana a ku Luangwa ayankhula mau a ku Roma tsiku ndi tsiku osadziwa.

Zimene mphunzitsi angacite nazo

Phunziro limeneli liyambike ndi cinenero ca ana eni ake. Mwana ali yense adziwa kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa nsomba pa msika alembedwa mofanana, ndi kuti khungu la thupi si khungu la munthu wosaona. Palibe mwana amene asokonezeka nazo, cifukwa mau oyandikana nao m'ciganizo amuuza tanthauzo lofunika. Akazindikira kuti acita kale zimenezi m'cinenero cake, sadzaopa kuzicita m'Cingelezi. Cifukwa cake liu latsopano lisaperekedwe lokha pa mndandanda. Liperekedwe m'ciganizo cathunthu, ndipo ciganizoco cinene za zinthu zimene mwana aziona, monga dooko, bwato, msika wa nsomba ndi lipoti la sukulu.

Mndandanda wa mau ofanana mathero uli ndi nchito yake. Uthandiza dzanja kuzolowera kalembedwe, ndipo uthandiza lilime pa kachulidwe. Koma mphunzitsi anene poyera kuti mndandandawo suphunzitsa tanthauzo. Pofuna tanthauzo, mau aikidwe m'mabanja ao enieni: "fair" wa msika pamodzi ndi "feast" ndi Feira, "fair" wa cilungamo pamodzi ndi "unfair" ndi "fairness", "fare" pamodzi ndi "farewell", "welfare" ndi "ferry". Magulu atatu otere, olembedwa m'mizere itatu pa bolodi, aposa mau makumi awiri oloweza pamtima.

Mphunzitsi aphunzitsenso ana kuwerenga buku lomasulira mau mwanzeru. Mabuku abwino a mtundu umenewu alemba "fair" kawiri, ndi nambala yaing'ono pambali, posonyeza kuti ndi mau awiri osiyana ciyambi. Mwana wothamanga aima pa tanthauzo loyamba nabwerera nalo. Wodekha awerenga onse nasankha logwirizana ndi ciganizo cake. Buku lotere lisakhale lotsekeredwa m'kabati ya mphunzitsi wamkuru. Liyenera kuturuka ndi kukhala pamene ana angalifikire, ngakhale mapepala ake adetsedwe ndi zala zao.

Cacikuru koposa ndi cakuti mphunzitsi asapeke cibale ca mau. Kufanana kwa zilembo kunyenga akulu omwe. Anthu ambiri ophunzira anena kuti liu lakuti boma ndi zilembo zoyamba za mau a Cingelezi onena za ulamuliro wa Britain, pamene liulo ndi la Ciswahili, lotanthauza linga kapena mpanda, ndipo linalipo maofesi a atsamunda asanamangidwe. Nthano yotere ikoma m'khutu, ndipo ikangonenedwa kamodzi m'kalasi ifalikira mudzi wonse. Akale anati safunsa anadya phula. Mphunzitsi akafunsidwa za liu limene sadziwa ciyambi cake, ayankhe kuti akafufuza, ndipo mawa lake abwere nalo yankho. Ana sadzampeputsa cifukwa ca ici, koma adzaphunzira kwa iye kuti kudziwa ndi kungoganizira ndi zinthu ziwiri.

Sukulu zimene ziri pafupi ndi boma zingathe kutenga ana tsiku lina kupita nao pa mathiriro, pamene maiko atatu, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, aonana pa madzi. Pamenepo mphunzitsi angawasonyeze Zumbo kutsidya, nawafotokozera za nsalu, minyanga ndi akapolo, nawafunsa masiku a sabata m'Cinyanja, m'Cipwitikizi ndi m'Cingelezi. Pobwerera ku sukulu, mwana ali yense alembe ziganizo zitatu za zimene waona: cimodzi ca "fair" wa msika, cimodzi ca "fair" wa cilungamo, ndi cimodzi ca "fare" wa pa bwato.